Lole ya a Abdulaziz Yafika Chokankha

M'chaka cha 1954, a Abdulaziz a ku Ntaja, munthu wosamva zobwerera, anafika pagalaja ya kampani ina ku Balaka ali pachiwongolero cha lole yatsopano, alamu awo akukankha kumbuyo malilime ali kunja. Pakhomo anapeza a Feston, kalaliki wa jekete, amene ngakhale moni ankayankha motsata lamulo.

"Takulandirani, bambo. Lole ikuyenda bwino?"

"Kwambiri. Mafuta siimwa n'komwe. Imangofuna alamu."

"Tathokoza. Ndiwauza azungu kuti mwakhutira."

"Achimwene, lole yafa! Munalonjeza kuti ikavuta mudzakonza ulere."

"Ikulira bwanji?"

"Siikulira."

"Ndiye vuto tilimva bwanji? Makaniko athu amamvera phokoso."

"Phokoso likakhala lofunika, pitani kwathu mukamve mkazi wanga. Abale akewa anagulitsa mpunga wonse kundithandiza kugula chitsulochi. Akuti ndikabwera nacho chakufa, ndinyamule mphasa yanga ndizipita kwa amayi."

"Za mabanja ndi kwa ankhoswe, bambo. Kuno ndi malole."

A Feston anasuzumira pawindo la lole, napukuta kagalasi ka mita ndi chala, kenaka anapukusa mutu mwachisoni ngati afika pamaliro.

"Pepani. Lonjezo lathu limathera pa mailosi chikwi chimodzi. Mita yapitirira ndi asanu ndi awiri."

"Pamene inafera ku Ntaja inali isanafike chikwi."

"Ndiye mukadabwera nthawi imeneyo."

"Ndiye kubwerako kumeneku! Munati tibwere nayo pakhomo panu. Takankha, taoloka Shire pa Liwonde, takankhanso."

"Mwachita bwino, lamulo limatero. Koma mwayenda nayo."

"Yayenda ndi iyo kapena ndi alamu angawa?"

"Mita siilemba alamu, bambo. Imalemba mawilo."

"Mashaallah. M'lole monsemu chamoyo n'chimodzi, ndipo n'chimene chili mbali ya kampani. Mukadanena, tikadaisenza pamutu."

A Feston anaganiza ndithu, chala chili pachibwano.

"Pamutu zikadatheka. Lamulo silikuletsa."

Mlamu wamkulu, a Abdulrazak, anakhala pansi m'fumbi nayamba kuwayang'ana a Abdulaziz ndi diso la munthu amene wayamba kale kusankha mkamwini wina. A Abdulaziz mantha anawagwira zenizeni. Anatsika, namukokera kalaliki uja pambali.

"Tandiuzani. Mawilo akamazungulira chobwerera, mita imatani?"

"Imabwerera."

"Ikabwerera pansi pa chikwi?"

"Lonjezo lilipo."

"Lamulo likuletsa?"

A Feston anayang'ana kumwamba, akuwerenga malamulo chamumtima.

"Silinatchulepo."

"Alamu, dzukani. Tiikankha chofutuka, kuzungulira bwalo lomweli mpaka mita ilape."

Alamu aja anadzuka akung'ung'udza m'Chiyao, naika manja pabonete. A Feston anathamanga n'kuima pakati, manja ali m'mwamba.

"Iyayi, iyayi. Galimoto ikalowa mumpanda muno, woigwira ndi wantchito wa kampani yekha. Limenelo ndiye lamulo lenileni."

"Oho. Makaniko ali kuti?"

"Apita ku Limbe pasitima."

"Alonda?"

"Amabwera madzulo."

"Ndiye wantchito wa kampani alipo ndani pano?"

"Ine ndekha."

A Abdulaziz anakwera, nakhala bwinobwino pachiwongolero, natulutsa mutu pawindo.

"Vulani jekete, achimwene. Ife lamulo sitiswa."