Chipinda Chimodzi ku Bangkok

Pasiteji ya basi ku Evington, Dyna anamva bambo wina akutchula Bangkok pafoni m'Chichewa. Atangodula foniyo, Dyna anasendera pafupi.

"Pepani achimwene, inenso ndikupitako ndi bambo anga. Koma ndabuka chipinda chimodzi, ndalama yavuta. Ndikuopa kuwauza."

"Ine ndinatero ndi mayi. Anangoima pakhomo, amvekere, 'Mwana wandevu ugone muno ndi ine? Malaulo amenewo.'"

"Ndiye munalipira china?"

"Ndi chani? Anamanga chingwe pakati pa mabedi n'kupachika zitenje. Sabata yonse, ndikafuna tchaja mbali yawo, ndinkayamba ndaodira."

"Ankayankha?"

"Akakwiya ankati kulibe anthu."

Dyna anayang'ana basi yomwe inkabwera.

"Zinalowa zitenje zingati, achimwene?"