Volovolo ya a Fintan

Zaka zija ndinkayamba kumene ntchito yosamalira okalamba kuno ku Finglas, ena a inu mudakali kumsana, ndinkapita kwa mkulu wina wa ku Ireland konkuno, dzina lawo a Fintan. Inu masiku ano mukangotsika ndege anzanu akupezani kale pa foni, koma nthawi imeneyo unkatha mwezi osamva liwu la Chichewa, ndipo munthu amene ndinkacheza naye kwambiri anali mkulu ameneyu, wotsala yekha m'nyumba, manja ake onjenjemera.

Tsiku lina ndikukolopa, anandiitana kukhitchini. Ndinapeza ayala nsalu patebulo, pansalupo pali volovolo. Volovolo simuidziwa inu, ndi mfuti yam'manja ija yachikale, yokhala ndi kamgolo kozungulira kolowetsamo zipolopolo. Anati anaigula ali mnyamata pamene zida zakale za asilikali zinkagulitsidwa, ndipo ankaisunga m'bokosi lachitsulo, ndi chilolezo chake, poti kuno malamulo a mfuti si masewera.

Ine ndinabwerera m'mbuyo. Ndinagwira chitseko.

"Esinati," anatero, "manja angawa atha. Ndikuipereka kwa oyenera asanandiuze okha. Koma ndikufuna ndikaiwombe komaliza ku kalabu yathu ya owombera mfuti. Mwana wanga ali ku Australia. Mungandiperekeze?"

Ndinayankha kuti ndiona. Iwo sanadziwe chimene ndikuuzeni tsopano. Ndili mtsikana kwathu ku Ntcheu, kunabwera anthu pa galimoto m'mawa, achimwene anga akukonzeka kupita kokaphunzitsa. Mmodzi anasolola mfuti yotereyi, n'kuwaika pakhutu, n'kuwakweza m'galimotomo. Sitinawaonenso. Maliro sitinaike, ngakhale kulira kumene tinkalirira m'bulangete, chifukwa masiku amenewo misozi inkatha kukumangitsa. Inu mumalankhula zandale m'basi mopanda mantha, ndipo nzabwino, koma ife tinakula titatseka pakamwa.

Ndinafuna kukana, koma ndinaona mmene ankapukutira chitsulocho ndi mafuta pang'onopang'ono, ngati akusambitsa khanda, ndipo ndinadziwa kuti ndikakana akangoipereka osatsanzikana nayo. Loweruka lotsatira tinanyamuka, ine pa chiwongolero.

Kumeneko tinapeza madala anzawo, ndipo woyang'anira malo anandiveka zotsekera m'makutu n'kundiuza poyenera kuima. A Fintan anakweza mkono, koma mfuti inkangovina. Anatsitsa. Anakwezanso, chimodzimodzi. Nkhope yawo inagwa, anzawo n'kuyamba kuyang'ana pansi.

"Basi, zakanika," anatero.

Ana inu, sindidziwa chimene chinandikankha. Ndinafunsa woyang'anira uja ngati ndingawagwire chigongono monga ndinkachitira powakweza masitepe. Anayang'ana kaye, kenako anandionetsa pogwira. Ndinaima kumbuyo kwawo, dzanja langa pansi pa mkono wawo.

Phuu! Mkono unandikankha mpaka paphewa, fungo la onga n'kundilowa m'mphuno. Ndinadikira kuti ndigwa, koma ndinapezeka ndidakaimirira. Tinayang'ana pepala limene ankalozetsapo mfuti: loyera bwinobwino, lopanda ndi kabowo komwe.

"Taphonya tonse awiri," anatero a Fintan, ndipo madala aja anaseka mpaka kutsokomola. Anawombanso mpaka zipolopolo zinatha, chimodzi chokha n'chimene chinakhudza m'mphepete. Iwo anakhutira nazo.

Titalowa m'galimoto ndinalephera kuliza injini. Ndinalira mokweza, kulira kwa pamaliro kwenikweni, kumene ndinali ndisanalirepo chichokereni achimwene. Mkuluyo sanandigwire, sananditonthoze, anangomvetsera mpaka ndinafotokoza zonse.

"Mukanandiuza sindikanakupemphani," anatero. Kenako anafunsa, "Dzina lawo anali ndani?"

Funso limeneli palibe anandifunsapo m'dziko muno. Ngakhale aboma amene ankandifunsa za mapepala okhalira kuno ankangofuna masiku ndi malo.

"Wayisoni," ndinatero.

Mwezi wa Novembala kuno amakumbukira akufa, mukudziwa. Lamulungu lina a Fintan anandiuza kuti ndivale bwino ndiwaperekeze ku tchalitchi chawo, ngakhale ine si wa Katolika. Wansembe ankatchula mayina a anthu a m'dera lomwelo, ndipo pakati pa mayina achizungu aja ndinangomva dzina la achimwene ndi la bambo athu, lopindidwa lilime moti mayi anga akanaseka. A Fintan ndiwo anakalembetsa dzinalo. Tchalitchi chonse chinayankha pemphero, anthu osawadziwa n'komwe. Amenewo ndiwo maliro amene achimwene anga analandira, ndipo ndinabwera kunyumba n'kuimbira achemwali anga ku Ntcheu kuti nawonso amve.

A Fintan anatisiya chaka chotsatira. Ndimawathokoza mpaka lero.

Tsono inu amene mukugwira ma shift m'nyumba za okalamba, ndikudziwa mumatopa, ndipo foni imakuitanani m'thumba. Koma nkhalamba ikakupemphani kuiperekeza kwinakwake, musathamangire kuyang'ana wotchi. Ndipo mnzanu akadzakuuzani za munthu amene anamutaya, musafulumire kunena kuti pepani. Yambani mwafunsa dzina.