Womwalira Afunsa za Imfa Yake

Pa siteji ya basi ku Gorakhpur, mayi wina wovala sari yatsopano anasendera kuti bambo Ramashray, mlimi wa nzimbe, akhale nawo pabenchi. Sankadziwana.

"Mukuchokera ku maofesi a boma, bambo?"

"Eya, mayi. Boma linalemba kuti ndinamwalira, munda wanga n'kupatsa mng'ono wanga. Ndiye ndimakafunsa kuti anakanena za imfa yangayo ndani."

"Akuuzani?"

"Loya wawo wakana. Akuti za womwalira ndi zachinsinsi, angafunse ndi achibale okha."

"Nanga inuyo si achibale?"

"Ndafunsa zomwezo. Akuti ndikatenge chilolezo kwa amene analowa m'malo mwanga. Mng'ono wanga yemweyo."

"Loyayo ndi wamtali, wamagalasi?"

"Yemweyo. Waulemu wake. Mpaka wandiitanitsira tiyi."

"Ndi mwana wanga ameneyo, Devansh. Chilowereni ntchito sanaluzepo mlandu."

"Munalera bwino, mayi. Simungandipemphereko kunyumba?"

"Ine? Chaka chatha ndinamva kwa anthu kuti wakwatira. Nditamufunsa, anati funso langa walilandira, akuliganizira. Mpaka lero."

Bambo Ramashray anapukusa mutu.

"Ndiye bola ine womwalirane, mayi. Wandiyankha lero lomwe."