Sutikesi ya Zinyalala Inapulumutsa Ntchito ya Mwana Wanga

Abale mwa Ambuye, moni nonse, ngakhale inu amene munkatiseka. Tsiku limene ndikukambali, pafulati pathu ku Barking, kuno kudziko la eni, tinalipo anthu asanu: ine Yohane Chabwera, mwana wanga Limbani, mkazi wake Nachisale, mchimwene wa mkaziyo Fulanki wa madigiri awiri, ndi abusa athu. Ndatchula onse dala, kuti wina asadzati nkhalamba yanama.

Ine sukulu ndinalekeza sitandade 4, sindibisa. Koma ndayendetsa thiraki zaka zambiri kudutsa pachipata cha Mwanza, ndipo kumeneko ndinaphunzira lamulo limodzi: pepala losainidwa satataya. Ukalitaya, mawa ugona pa boda.

Limbani ankagwira pakampani ina yaing'ono ku Ilford, yokonza pulogalamu ya pakompyuta yowerengera msonkho wa anthu a ku Amereka okhala kuno. Anandifotokozera motere. Munthu akagula makina kapena galimoto ya bizinesi, mtengo wake umatsika chaka ndi chaka, ndiye amachotsako pa msonkho. Nthawi imeneyo boma lalikulu la Amereka linalola kuchotsa chigawo chachikulu chaka choyamba chomwe. Koma maboma ena ang'onoang'ono, amene amawatcha masteti, anakana, akuti kwathu tiziwerenga pang'onopang'ono ngati kale. Ine ndinamva msanga. Thiraki imodzi, sikelo ziwiri, ndipo mbali iliyonse ya boda imakhulupirira sikelo yake.

Pulogalamu yawo ija inawerenga mbali zonse ndi sikelo imodzi. Makasitomala analipira mopereŵera kumasteti, makalata a chindapusa n'kuyamba kugwa ngati matalala. Manijala wake, munthu wa lilime loterera, anauza mwini kampani kuti wolakwa ndi Limbani. Anamuimitsa ntchito, akuti Lachiwiri abwere adzamve chigamulo. Chilolezo chake chokhalira kuno chinali chomangiriridwa pantchitoyo. Ntchito ikatha, tonse pandege, ndi ine ndemwe.

Mwana wanga anaonda masiku ochepa. Ankangoti, ndinamulembera ine manijalayo kuti pakufunika mabuku awiri, la boma lalikulu ndi la steti, anakana. Umboni uli kuti? Mukompyuta ya kuntchito, imene anamutsekera. Kutchalitchi ena anayamba kale kufunsa ngati tikugulitsa firiji. Ndikukudziwani, ndipo Mulungu akukuonani.

Lamulungu masana abusa anabwera kudzapemphera. Ine ndinagwada ndi mawondo anga owawawa, n'kufuula mpaka oyandikana nawo anagogoda khoma. Ndinati, Ambuye, munanditulutsa m'misewu ya nkhondo ku Tete, musandibwezere kumudzi ndi manyazi a bodza la munthu wina.

Titangoti ameni, Fulanki n'kutsegula pakamwa. "Alamu, pemphero ndi labwino, koma yambani kupakira. Kuno si kumudzi, amafuna evidensi."

Nachisale naye n'kuwonjezera. "Tikayamba kupakira, choyamba kutaya ndi sutikesi ya abambo ija. Mwadzaza zinyalala zotola m'bini."

Zinyalala! Magazi anandikwera. Inde ndinkatola. Pepala lililonse la siginecha limene ana awa ankaponya m'bini, ine ndinkaliwongola n'kusunga. Ndinakoka sutikesiyo pansi pa bedi n'kuikhuthula pakati pawo. Ndinati, tayani nokha, ophunzira inu, ine manja anga sataya dzina la munthu.

Fulanki ankaseka. Limbani sanaseke. Anagwada, n'kutola pepala lina lothimbirira ndi tiyi. Linali kalata yake yomwe ija, yochenjeza za mabuku awiri. Pansi pake manijala analemba ndi bolopeni yofiira kuti nthawi palibe, werengani mofanana mbali zonse, n'kusaina, n'kuika tsiku. Limbani anabwera nalo kunyumba atakwiya, n'kuliponya m'bini, n'kuliiwala. Ine Chingerezi chake sindinachimve pamene ndinkalitola miyezi yambuyo. Ndinangoona siginecha basi.

Lachiwiri ndinavala jekete n'kukwera basi ndi Limbani mpaka ku Ilford. Sanandilole kulowa, koma ndinaima pakhomo kuti manijalayo aone kuti mwanayu ali ndi bambo. Mwini kampani ataona pepala lija, Limbani anabwezeredwa pantchito, ndipo ndi iyeyo amene anapatsidwa kukonza pulogalamuyo kuti makina alionse azikhala ndi buku la boma lalikulu ndi buku la steti, kuyambira tsiku logula mpaka logulitsa. Za manijala musandifunse, ine si woweruza, koma pampando paja palibe.

Fulanki mpaka lero sanapepese. Ndamukhululukira chifukwa abusa anandikakamiza.

Ndithokoza Mulungu amene anadutsa madigiri onse m'nyumba muja n'kudzagwiritsa ntchito nkhalamba yotola m'bini. Inu amene akukunamizirani kuntchito, musafooke. Pempherani mokweza, ndipo musataye pepala.

Lachisanu lotsatira Limbani anabwera ndi envelopu, n'kundipatsa ndi manja awiri, mkazi wake akuona. Anati, "Bambo, mapepala osainidwa awa ndi a sabata ino. Muzisunga ndinu."