Injini Imodzi Ikazima M'mwamba

Tandiuzani: ng'ombe ziwili pagoli, imodzi yafa, koma ngolo yafika kumudzi. N'chiyani? Yankho ndinalitola pasiteshi ya Nyimba, bambo wina wajekete akudzitama kwa mtsikana woyembekeza basi ya Petauke.

"Ine, mama, ndinayendetsako ndeke ya mainjini awili."

"Nanga imodzi ikazima m'mwamba, bambo?"

"Aa, ungoponda buleki n'kupatukila pambali."

"Pambali pati, pamtambo? Ndeke imakhotela kuli injini yakufayo. Mumaponda chiwongolelo ndi phazi la mbali ya injini yamoyo kuti iwongoke, ndipo injini yotsalayo ikufikitsani pabwalo."

"Mayo! Chindeke chonse chija, injini imodzi? Wakuuzani ndani?" anafunsa bambo uja.

"Inandizimila chaka chatha, nditanyamula odwala atatu. Tonse tinatsika amoyo."

Amayi ogulitsa nthochi anagwila pakamwa, kenako anafa nalo phwete: "A Buleki, patukilani pambali, adutse oyendetsa ndeke!"