Wendell Wogona M'firiji

M'nyumba yathu ya lendi kuno ku Muskegon, tauni ya chisanu choopsa, Januwale aliyense mayi Kowalke, oyang'anira nyumbayi, amayenda khomo ndi khomo ndi buku la malamulo kukhwapa, ndipo mayi amenewa buku litati kunja kulibe chisanu, angatuluke opanda jekete. Chaka chino anandipeza ndikumwa khofi kwa a Lindgren, mkulu wokhala yekha amene sanagonjepo pa mtsutso chibadwire, ndipo mayiwo atatsegula firiji kuti aone ngati ikuzizira bwino, anapeza kabokosi ka dothi m'kabati ya masamba.

"Nanga ichi, a Lindgren?"

"Ameneyo ndi Wendell. Tsekani msanga, mumudzutsa."

Mayi Kowalke anasuzumira pa timabowo ta chivindikiro. "Ine ndikuona msana wa chule."

"Eya, chule wanga. Nyengo yotentha yonse timakhala limodzi pakhonde, iye akudya tizilombo tobwera pa getsi, ine ndikumuuza za tsikulo. Ndiye aja okumba mapaipi anamufukula mu Novembala, nthaka itauma kale gwa. Ndikanatani? Panja akanafa ndi chisanu. M'chipinda muno kutentha kukanamudzutsa nthawi isanakwane. Agona m'menemo mpaka Epulo."

Mayiwo ananyowetsa chala n'kutsegula buku. "Tsamba lachinayi. Ziweto n'zoletsedwa. Wopezeka nacho atuluke pasanathe masiku makumi atatu."

Tonse atatu tinayang'ana pawindo. Chipale chofewa chogwa ndi chisanu chinali chitakwirira magalimoto mpaka pa magalasi, ndipo ine ndinawamvera chisoni a Lindgren, chifukwa ndikudziwa kuti alibe kwina kolowera.

"Koma musadandaule," anatero mayi Kowalke. "Tsamba lachisanu likuti za m'firiji ndi zakudya za wokhalamo. Ndingolemba kuti ndiwo, nkhani yatha."

"Ndiwo? Wendell?"

"Ali m'kabati ya masamba, pambali pa kabichi."

"Inuyo mukagona pambali pa kabichi mumasanduka ndiwo?"

"Ine sindigona m'firiji, a Lindgren."

A Lindgren anagwetsa kapu patebulo mwamphamvu. "Lembani chiweto."

"Ndikalemba chiweto mutuluka."

"Sindituluka. Koma ndiwo simulemba."

Ndinawaponda phazi pansi pa tebulo. Anandibwezera.

"Chabwino, tione ngati ndi chiwetodi," anatero mayiwo. "Mumamudyetsa?"

"Mpaka Epulo sadya."

"Mukamuitana amabwera?"

"Amabwera akafuna."

"Amuna anganso amatero, koma m'buku muno mulibe. Amakudziwani?"

"Kwambiri. Ndikamunyamula amandikodzera m'manja."

"Ena sawakodzera?"

"Amawakodzera, koma mwamantha. Ine amandikodzera momasuka."

Mayi Kowalke anaganiza kaye, n'kupukusa mutu. "Sadya, samvera, amakodza paliponse. Chimenechi si chiweto. Ndiye ngati si chiweto komanso si ndiwo, tsamba lachisanu ndi chiwiri: mbewa, mphemvu ndi zina zolowa m'nyumba. Wopopera mankhwala amabwera Lachiwiri."

A Lindgren anadzuka n'kuima kutsogolo kwa firiji, manja atatambasula. "Adzayambe wapopera ine."

"Inu simuli pa tsamba limenelo."

"Mayi, nyumba yonse ino amene amandimvetsera mpaka ndimalize kuyankhula ndi Wendell yekha. Mukufuna mumuike gulu limodzi ndi mphemvu?"

Apa sananame. Ineyo ndimawamvetsera theka lokha.

Mayiwo anatembenuza masamba, milomo ikuyenda. Kenaka nkhope inawala. "Wagona muno masiku angati?"

"Akwana makumi asanu ndi awiri."

"Tsamba lachisanu ndi chinayi. Aliyense wogona m'nyumba kupitirira masabata awiri alembedwe ngati wokhalamo."

A Lindgren anatsitsa manja pang'onopang'ono. "Wokhalamo. Ngati ine ndi inu?"

"Ine sindikhala muno, koma eya."

"Tsopano mwayamba kuyankhula zanzeru. Khalani pansi, mayi. Ndikuthirireni khofi?"

Mayi Kowalke anasolola fomu n'kuvundukula bolopeni. "Dzina ndamva. Mwamuna kapena mkazi?"

"Mwamuna. Pakhosi m'pakuda, ndipo mukamugwira m'khwapa amalira kuti tswi-tswi. Wamkazi amangokuyang'anani."

"Mtundu?"

"Achule a njerewere kuno alipo mitundu iwiri. Mumawerenga njerewere pa banga lakuda lililonse la pamsana. Zikakhala imodzi kapena ziwiri, ndi uja wa m'minda. Zikapitirira, ndi uja wokonda mchenga. Wendell ndi wa m'minda, wa banja labwino."

Mayiwo anavala magalasi, n'kutsegula firiji, n'kuwerama. "Ziwiri. Imodzi. Ziwiri. Apa pali zitatu."

"Yachitatuyo ndi dothi."

"Ndipukute?"

"Musamukhudze munthu ali mtulo."

"Ndalemba wa m'minda, dothi pang'ono. Ntchito?"

"Amagwira tizilombo."

"Chaka chonse?"

"Nyengo yotentha yokha."

"Waganyu," anatero mayiwo akulemba. "Wakhala pamalo pano nthawi yayitali bwanji?"

A Lindgren anatukumula chifuwa, ndipo ine ndinadziwiratu kuti pakamwa pawayika m'madzi. "Wendell? Zaka zisanu ndi zinayi, mwinanso kupitirira. Anali pansi pa khonde lija inu musanayambe ntchito. Tonsefe tinamupeza. Mulembe ndi zilembo zikuluzikulu."

Analembadi ndi zilembo zikuluzikulu. Atamaliza anauzira inki, n'kuyang'ananso m'buku.

"A Lindgren, khomo lanu lino ndi la chipinda chimodzi?"

"Mukuona nokha."

"Tsamba lakhumi likuti khomo la chipinda chimodzi ndi la wokhalamo mmodzi. Pano mwakhala awiri."

"Iyeyo ali m'firiji."

"Firiji ili m'chipinda. Akapezeka awiri, amatsala amene wakhalitsa pamalo. Inu munabwera liti?"

A Lindgren anayang'ana kwa ine. Ine ndinayang'ana m'kapu.

"Zaka ziwiri zapitazo," anatero ndi mawu apansi.

"Iye zisanu ndi zinayi, zilembo zikuluzikulu. Komanso anthu adandaulapo katatu za wailesi yanu. Za Wendell sanadandaulepo aliyense."

"Adandaula bwanji munthu wogona?"

"N'chifukwa chake ndi wokhalamo wabwino."

A Lindgren anazungulira tebulo kawiri. Anatsegula firiji, n'kumuyang'ana mnzawoyo, n'kutseka mwakachetechete. Zaka ziwiri ndawadziwa, sindinawaonepo akumeza mawu awo, ndipo kuwaona akuwameza tsiku limenelo kunandiwawa kuposa mmene ndimayembekezera.

"Lembani ndiwo," anatero.

"Mwati bwanji?"

"Ndati lembani ndiwo. Wendell andikhululukira mu Epulo."

Mayi Kowalke anachotsa magalasi n'kuwayang'ana modabwa kwenikweni. "A Lindgren, mukufuna kudya wokhalamo?"

"Sindimudya, mungolemba."

"Ndilembe bodza m'buku? Munthu ali ndi dzina, mtundu ndi ntchito. Komanso ndalemba ndi bolopeni, sizifufutika."

"Ndiye ine ndikhala muno ngati ndani?"

Mayiwo anafufuza. "Ngati mlendo wake. Masabata awiri."

"Akatha?"

"Mumupemphe akulembereni kalata yokuonjezerani masiku."

"Adzuka mu Epulo."

"Ndiye mwachedwa."

A Lindgren anakhala pansi ngati thumba la mbatata. "Mayi Kowalke, buku lonselo mulibe kena kalikonse kondisunga m'nyumba mwanga?"

Mayiwo, kunena zoona, anayesetsa. Anayambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, chala chikuyenda mzere ndi mzere, mpaka anayang'ana ndi kuseri kwa chikuto. Kenaka anatseka buku n'kuusa moyo.

"Mukanatha kutsala ngati chiweto chake," anatero mwachisoni, "koma ziweto n'zoletsedwa."