Kamakina Komvera Apongozi

Ukwati wa Regina unali mawa lake, ndipo masana amenewo DJ Godfrey wa ku Katete anali yekha mu holo ya ku Sinda, mawindo atawatseka ndi masaka a thonje kuti mude, akuyesa kamakina kake ka leza, kaja kamalavula timizere tobiriwira motsatira kugunda kwa nyimbo. Ntchitoyi ankaigwira ulere, osati chifukwa cha mtima wabwino ayi. Ankafuna kukwatira Patience, mng'ono wa mkwatibwi, ndipo mayi wa atsikanawa, Mayi Clementina, anali atanena kuti yankho lawo lidzatuluka akaona khalidwe la mnyamatayu paukwatiwu.

Chitseko chinatseguka, n'kulowa Mayi Clementina omwewo kudzaona mipando. Godfrey anatsitsa nyimbo n'kunjuta kuseri kwa sipika. Poti mkamwini ndi apongozi sayang'anizana, mayiwo anakoka mpando n'kukhala moyang'ana khoma. Analonjerana choncho, wina akulankhula ndi khoma, wina ndi sipika. Zonse zinali bwino mpaka kadontho kobiriwira kanatsetsereka pakhomapo n'kudzatera pamkono pawo.

"A Godfrey, akundilozawa ndani?"

"Palibe, amayi. Ndi kuwala chabe."

"Kuwala kwa ndani?"

"Kwa kamakina."

"Kamakina ka ndani?"

"Kanga."

"Ndiye chala ndi chanu. Chichotseni."

Godfrey anafotokozera sipika mwaulemu kuti kamakinako kali ndi khutu lakelake, kabowo kakang'ono kumbuyo. Kakamva ng'oma ya m'nyimbo kamaphethira, ng'omayo ikakula kamabalalitsa timizere paliponse. Sikasankha munthu, ndipo sikadziwa kuti uyu ndi mpongozi, uyu ndi mpando.

"Kamamva?"

"Kwambiri, amayi."

"Kamamva ndani?"

"Chilichonse chimene chamveka kuposa zinzake."

Mayi Clementina anatsokomola. Kadontho kananjenjemera. Anawomba m'manja, timizere tinathamanga padenga. Kenako anaika dzanja pakamwa n'kutulutsa nthungululu imodzi yaitali, ija agalu amaiyankha mpaka kumsewu wa ku Lusaka. Holo yonse inang'anima, zofiira ndi zobiriwira kusakanikirana, nyimbo ikupita kwake, nyali kwake.

Godfrey mtima unamuwawa. Anali atakonza zonse m'mutu: mkwatibwi akamalowa, nyimbo iyambe pang'onopang'ono, timizere tizikwawa pansi, ndipo akangofika pakati, ng'oma zigunde, zofiira ziphulike pamwamba pa mutu wake. Munthu wanzeru akanangoseka n'kuyamikira kuti amayi mawu muli nawo. Koma pa nkhani ya nyali ndi nyimbo, mnyamatayu anali wouma mutu zomvetsa chisoni.

"Amayi, ndipemphe kanthu. Mawa Regina akamalowa, nthungululu muyambe mwadikira nayo."

"Ndidikire ndani?"

"Ng'oma. Zikayamba kugunda, ndiye inunso."

"Mwanayo ndinabereka ine kapena ng'oma?"

"Inu, amayi. Koma kamakina kasokonezeka."

"Sikanasokonezeke. Ndaona ndekha, kandimva bwinobwino."

Mayiwo anauza khoma lija kuti mayi wongokhala duu mwana wake akulowa ndi velo, Sinda yonse igona ikunena kuti mkamwini sakumufuna, kapena pansi pa diresi pali chimene akubisa. Anati iwo anaimba nthungululu pa maukwati a ana a eni kuyambira ali mtsikana, ndiye wa mwana wawo asaimbe chifukwa cha tochi?

Mawu akuti tochi anamulasa Godfrey, koma anameza.

"Chabwino, imbani, koma pa nthawi yake. Ndidzakweza dzanja."

"Ndidzaliona bwanji? Mukufuna ndikuyang'aneni pamaso pa anthu?"

"Ndiye ndidzakutumizirani kadontho. Kakangokukhudzani, yambani."

"Kuloza kuja kwabwereranso."

"Si kuloza, ndi chizindikiro."

"Chizindikiro pathupi pa apongozi. Kwanu ku Katete mumatero?" Mayiwo anapendeketsa mutu. "Ndiponso paja mwati sikasankha munthu. Manje kayamba liti kusankha?"

Apa Godfrey anagwidwa, ndipo anaulula. Anati pali chingwe chimene amalumikiza kamakinako ku laputopu, ndipo chikalowa, kamachita zokhazo zimene iye walamula. Polankhula pomwepo nzeru inamufikira, nkhope n'kuwala. Anatulutsa chingwecho m'chikwama n'kuchilowetsa, akudziona ngati munthu amene wapulumutsa ukwati.

"Basi, amayi, nkhani yatha. Chingwe chikalowa, khutu limatsekeka. Imbani mpaka mawu athe, sikadzakumvani."

Mayiwo anatchera khutu.

"Bwerezani."

"Sikadzakumvani."

Mayi Clementina anawomba m'manja. Timizere sitinasunthe. Anawombanso, mwamphamvu. Palibe.

"Kanthu kamene kamandimva, inu mwakagonthetsa ine ndili pompano."

"Kwa mawa lokha, amayi."

"Ndi Patience mudzateronso? Mudzamulumikiza chingwe, ine ndikaitana asamve?"

"Amayi, Patience alibe polowetsa chingwe."

"Mwafufuza liti?"

Godfrey analakalaka sipika itamumeza. Pamenepa ndiye panali poyenera kupepesa, koma iyayi, mwana wa ku Katete anakweza chibwano.

"Nyali imatsatira nyimbo, amayi. Ndiwo mwambo wa ntchito yathu."

"Nyimbo imatsatira ndani?"

"DJ."

"DJ amatsatira ndani?"

Mayiwo anadikira pang'ono, kenako anadzuka, n'kumanga chitenje mwamphamvu. Anauza khoma kuti khalidwe ankati aone mawa aliona lero, ndipo Patience akamuuza okha kuti ayang'ane kwina, anyamata a thonje alipo ambiri ndipo saloza akuluakulu. Mapatapata awo anayamba kulira kulowera kuchitseko.

Ndi pamene mantha enieni anamugwira Godfrey. Patience ankamukonda, zoseka pambali. Godfrey anaona moyo wake wonse akuimba nyimbo pa maukwati a anzake, mwinanso pa wa Patience yemweyo, zofiira zikuphulika pa nthawi yake pamwamba pa mwamuna wina. Anazula chingwe chija n'kuchiponya chokwawa pansi mpaka chinakagunda chidendene cha mayiwo.

"Tengani, amayi. Khutu likhale lotsegula. Imbani pamene mtima wafuna, nyimbo ndidzaithamangitsa ikupezeni."

"Ikapanda kundipeza?"

"Ndidzaizimitsa, Regina alowe ndi mawu anu."

Mayi Clementina anatola chingwecho, n'kuchikulunga bwinobwino pa nsonga ya chitenje. Anabwerera cham'mbali, nkhope kukhoma, mpaka anaima pafupi ndi kamakina. Anati odi, kadontho kanaphethira. Anawomba m'manja katatu mwaulemu, timizere tinagwada pansi n'kudzukanso.

"Onani khalidwe," anatero mofatsa. "Ndikalankhula kamayankha, koma pakamwa sikatsegula."

"Kabwino ndithu, amayi."

Ndiye anayamba kulankhula za kumudzi. Anati mwambo wa kwawo ngwodziwika, mwamuna amabwera kudzamanga kwa mkazi, kuseri kwa khitchini ya apongozi. Anati aganiza za kudzuka m'mawa uliwonse n'kumamva kuti tambala walira mosemphana ndi nyimbo, ndipo mutu wayamba kale kuwawa.

"Patience mumutenge. Mupite naye ku Katete."

Godfrey anagwada n'kuwomba m'manja, mpaka pang'onong'ono kuwayang'ana kumaso. Nato timizere tinavina naye.

"Zikomo, amayi. Zikomo kwambiri."

"Koma mudzi sungakhale wopanda mkamwini. Ukwati ukatha mawa, kamakinaka kakubwera kwathu m'malo mwanu."

Manja a Godfrey anaima m'malere.

"Amayi, ndimadyera pomwepo. Loweruka linalo ndili ndi ukwati wina ku Vubwi."

Mayi Clementina anali atafika kale pachitseko, ndipo anayankha osatembenuka.

"Ndiye fulumirani, bambo. Tumani ankhoswe adzafunsire kamakinaka."